Woweta Nsomba Ayambe Waweta Madzi

Mawu oyamba

Ulimi wa nsomba m'maiwe si wachilendo m'dziko muno. Boma la atsamunda linatsegula malo oyeserapo ulimiwu ku Nchenachena m'boma la Rumphi m'chaka cha 1952, ndipo patapita zaka zochepa malo ena anatsegulidwa ku Domasi m'boma la Zomba. Kuchokera nthawi imeneyo maboma amene akhala akulamula dziko lino alimbikitsa anthu akumudzi kukumba maiwe, mpaka m'chaka cha 2006 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anakhazikitsa ndondomeko yapadera yotukula ulimi wa nsomba. Chifukwa chake n'chodziwika. M'zaka za m'ma 1970 Mmalawi mmodzi ankadya pafupifupi makilogalamu 14 a nsomba pachaka, koma pofika m'zaka za m'ma 2000 mlingowu sunkafikanso ngakhale theka lake, kaamba ka kuchuluka kwa anthu ndi kuchepa kwa chambo m'nyanja.

Ngakhale zili choncho, munthu akayenda m'madambo a kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, kuyambira ku Mpingu, kudzera ku Namitete, kukhotera ku Nsaru ndi kwa Kabudula mpaka kukafika ku Nambuma, sachedwa kupeza maiwe amene anasanduka zithaphwi zomera mlulu, momwe muli achule okhaokha. Ena mwa maiwewa anakumbidwa ndi thandizo la mabungwe, ndipo chikwangwani chonena za thandizolo chikadali chiimire pomwe nsomba zinatha kalekale. Ukafunsa eni ake, mayankho amakhala akuti mbewu inali yoipa, chakudya chinadula, kapena akuba anachuluka. Mavuto amenewa alipodi. Koma m'nkhani ino ndikufuna kunena kuti vuto lalikulu kuposa onsewa ndi kaganizidwe kakuti ntchito yatha tikakumba dziwe ndi kuthiramo mbewu, pomwe ntchito yeniyeni, yomwe ndi kusamala madzi tsiku ndi tsiku, imayambira pamenepo. Pofuna kutsimikiza mfundoyi ndibwereka chitsanzo chakutali ndithu, cha anthu amene amaweta nsomba ndi makorali a m'nyanja yamchere m'timathanki tagalasi m'nyumba zawo.

Kanyanja ka m'galasi

M'mizinda ya maiko ena muli anthu amene amasunga kachigawo ka nyanja yamchere m'chipinda chochezera. Amagula kathanki kagalasi, kena ka malita 50 okha, omwe ndi zidebe ziwiri ndi theka za malita 20, n'kuikamo madzi amchere, miyala, nsomba ziwiri kapena zitatu ndi makorali. Korali amaoneka ngati mwala kapena duwa, koma kwenikweni ndi gulu la tinyama ting'onoting'ono tomwe timadzimangira chigoba cholimba. M'thupi mwa tinyamati mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zomwe zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala n'kumagawana ndi mwini nyumba. Madzi akatentha kwambiri kapena akaipa, korali amataya ndere zija, amayera mbee, ndipo zinthu zikapanda kusintha amafa. Kwathu kuno tilibe nyanja yamchere. Matanthwe a makorali amene tayandikana nawo ali m'gombe la Mozambique, monga ku Pemba ndi kuzilumba za Quirimbas. Komabe alipo Amalawi amene amazidziwa bwino zimenezi, chifukwa mwa abale athu ogwira ntchito za m'nyumba ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, ena ntchito yawo ina ndi kusamala timathanki totere. Msuweni wanga ndi mmodzi mwa iwo, ndipo zambiri zimene ndikufotokoza pano ndinayamba kuzimva kwa iye ndisanaziwerenge.

Vuto la kathanki kotere ndi lakuti madzi ake ndi otsekeredwa. M'nyanja yaikulu, zonyansa za nsomba zimatengedwa ndi mafunde n'kusungunuka m'madzi osawerengeka. M'kathanki zilibe kopita. Nsomba ikadya imatulutsa amoniya, ndipo chakudya chotsala chikaola chimatulutsanso amoniya yemweyo. Ameneyu ndi poizoni, moti ngakhale pang'ono pokha amawononga ziwalo zopumira za nsomba. N'chifukwa chake mwini kathanki amasefa madzi m'njira zitatu. Njira yoyamba ndi ya sefa yeniyeni, ya thonje kapena siponji, yomwe imakola zinyalala zooneka ndi maso. Sefa imeneyi imafunika kutsukidwa kapena kusinthidwa pakangopita masiku ochepa, chifukwa zinyalala zokodwa zikasiyidwa zimaolera momwemo n'kubwezera poizoni m'madzi. Njira yachiwiri, yomwe ndi yofunika koposa, ndi ya mabakiteriya abwino okhala m'timabowo ta miyala ndi mumchenga. Gulu lina la mabakiteriyawa limasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, yemwe akadali woopsa, ndipo gulu lina limasandutsa naitiraiti kukhala naitireti, yemwe ukali wake ndi wochepa. Mabakiteriyawa sachulukana tsiku limodzi. Pachifukwa ichi kathanki katsopano kamadikira milungu inayi kapena isanu ndi umodzi kasanalandire nsomba, ndipo miyala yake satsukira madzi a pampopi, poti mankhwala a kolorini angaphe antchito osaonekawa. Njira yachitatu ndi ya makala okonzedwa mwapadera omwe amayamwa litsiro losungunuka, pamodzi ndi chipangizo chotchedwa protein skimmer, chomwe chimapanga thovu lotola zonyansa zisanayambe kuola n'kuzitayira m'kakapu. Kudalira miyala ya mabakiteriya pamodzi ndi chipangizo chathovuchi kunatchuka mumzinda wa Berlin ku Germany m'zaka za m'ma 1970, ndipo mpaka lero njirayi imadziwika ndi dzina la mzindawo.

Koma zipangizo zonsezi pazokha sizikwanira. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi, ndipo makorali safuna kuti mlingowu uzisinthasintha. Madzi akamauluka ndi kutentha, mchere umatsala. M'kathanki ka malita 50, malita awiri okha akauluka, ukali wa mchere umakwera ndi magawo anayi pa 100 alionse. Tsono tsiku lililonse wosamala amathiramo madzi oyera opanda mchere kubwezeretsa amene auluka, amaona ngati kutentha kuli pakati pa madigiri 24 ndi 26, ndiponso amayang'ana nsomba imodziimodzi ngati ikudya ndi kupuma bwino. Pamlungu kapena milungu iwiri amachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi, n'kuikamo atsopano amene wasakaniza ndi mchere wake, pofuna kuchepetsa naitireti amene waunjikana. Amapala ndere pagalasi, amakhuthula kakapu kathovu kaja, amayeza madzi, ndipo zonse amalemba m'kope. Nsomba yatsopano sailowetsa msanga. Imayamba yakhala payokha kwa milungu ingapo kuti ngati ili ndi matenda aonekere komweko.

Sindikunena kuti tiyambe kuweta makorali ku Nsaru. Kathanki kotere kamafuna ndalama zambiri komanso magetsi osazima, chifukwa pampu ikaima kwa maola angapo mpweya umatha m'madzi. Amene akukumbukira mdima umene tinakhalamo namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 akudziwa kuti korali sakanapulumuka. Chimene ndikufuna kuti titengepo ndi phunziro lake: pamene madzi ali ochepa ndi otsekeredwa, zinthu zimaipa msanga, ndipo chimene chimasunga moyo ndi tintchito ting'onoting'ono tochitika pa nthawi yake, osadumphitsa.

Luso limeneli si la azungu okha. Nsomba za mbuna, zomwe zimakhala m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, zakhala zikutumizidwa kunja zamoyo kwa zaka makumi angapo, ndipo kampani ya malemu Stuart Grant ku Senga Bay m'boma la Salima inatchuka ndi malonda amenewa. Nsomba zomwezi ndi zimene zinachititsa kuti paki ya m'nyanja ya Malawi ikhazikitsidwe m'chaka cha 1980, ndi kuti bungwe la UNESCO liike pakiyi pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse m'chaka cha 1984. Amene amagwira mbunazi, kuzisunga m'mathanki ndi kuzilongedza kuti zikafike ku Ulaya zili moyo, ambiri ndi Amalawi anzathu. Ngati tingathe kusamala madzi a nsomba yoti mlendo akaiyang'ane, tilepheranji kusamala madzi a nsomba yoti mwana wathu adye?

Dziwe la kudambo ndi sefa yake

Dziwe la mamita 20 m'litali, 10 m'lifupi ndi mita imodzi kuya kwake limasunga malita 200,000. Poyerekeza ndi kathanki kaja ndi lalikulu kwambiri, koma poyerekeza ndi nyanja ya Malawi ndi kadontho chabe. Nalonso madzi ake ndi otsekeredwa. Mlimi akaikamo nsomba zitatu pa sikweya mita iliyonse, ndiye kuti muli nsomba 600 zomwe zikudya, kupuma ndi kuchita chimbudzi m'madzi omwewo. Amoniya amene amavutitsa mwini makorali ku Durban ndi yemweyo amene amapezeka m'dziwe la makumba, chilunguni kapena mlamba kwa Kabudula.

Mwayi wa mlimi ndi wakuti sefa yake safunika kuigula kusitolo. Mabakiteriya abwino aja alipo kale m'matope a pansi pa dziwe. Tizomera ting'onoting'ono tomwe timachititsa madzi kubiriwira timayamwa amoniya ngati feteleza, timatulutsa mpweya wa okosijeni dzuwa likamawala, ndiponso ndi chakudya cha nsomba. Apa pali kusiyana kumodzi kofunika kukudziwa. Mwini makorali amafuna madzi oyera oonekera mpaka pansi, pomwe mlimi wa makumba amafuna madzi obiriwira. Ambiri kwathu amanyadira dziwe la madzi oyera, osadziwa kuti ndi chikomekome cha mkuyu, poti dziwe lotero ndi la njala. Komanso madzi akabiriwira mopyola muyeso ndi ngozi. Poyeza sipafunika makina. Mlimi amangolowetsa mkono m'madzi mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chikuoneka bwinobwino, dziwe likufuna manyowa. Ngati chikuzimirira pamene madzi afika m'chigongono, zinthu zili bwino. Ngati chazimirira madzi asanafike ngakhale pakati pa mkono, manyowa achuluka ndipo aimitsidwe. Manyowa a nkhuku, mbuzi kapena nkhumba amagwira bwino ntchito akamaikidwa pang'onopang'ono m'kakhola ka timitengo pakona pa dziwe, kusiyana ndi kukhuthula ngolo yathunthu kamodzi.

Nthawi yofunika kwambiri kuyendera dziwe ndi mbandakucha. Masana tizomera tija timapanga mpweya, koma usiku timaugwiritsa ntchito pamodzi ndi nsomba ndi mabakiteriya, kotero kuti pofika m'mamawa mpweya umakhala utatsika kwambiri. Nsomba zikabwera pamwamba n'kumayasamula kukamwa, si kuti zikupempha chakudya monga ena amaganizira. Zikubanika. Kuzithirira gaga pa nthawi imeneyo ndi kuonjezera vuto, chifukwa gaga wosadyedwa amamira, amaola, n'kudyanso mpweya wotsalawo. Choyenera ndi kuimitsa chakudya ndi manyowa kwa masiku angapo, kutulutsako madzi ena ndi kulowetsa atsopano. Mlimi amene amafika kudziwe dzuwa litakwera saziona zimenezi, amangodzapeza nsomba zitayandama, n'kuyamba kuganizira anansi ake kuti athiramo mankhwala. Ndaonapo mabanja akudana mpaka kukafika kwa anyakwawa pa imfa ya nsomba zimene zinangosowa mpweya usiku wa mitambo.

Kadyetsedwe nako ndi mbali ya kasamalidwe ka madzi. Mwini makorali amapatsa nsomba zake chakudya chimene zingamalize m'mphindi zochepa. Mlimi nayenso ayenera kudyetsa pa malo amodzi, pa nthawi imodzi, dzuwa litakwera ndithu komanso chakumasana, n'kuimirira kuona ngati nsomba zikudya. Dera lathu lino ndi lokwera, mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi madzi a m'dambo amazizira kwambiri. Nsomba za mtundu wa chambo zimachepetsa kudya madzi akazizira kufika pansi pa madigiri 20. Wopitiriza kuthira gaga wofanana ndi wa mu Novembala akungodyetsa matope.

Nyengo iliyonse ili ndi ntchito yake. M'chilimwe madzi amaphwa. Ngati dziwe lija likutsika ndi theka la sentimita patsiku, ndiye kuti likutaya malita 1,000 tsiku lililonse, ndipo pakutha pa miyezi iwiri latsika ndi masentimita 30, osawerengera olowa pansi kapena otuluka m'ming'alu ya khoma. Madzi akachepa amatentha msanga, zonyansa zimachuluka mphamvu, ndipo akakowa ndi anantchengwa amatola nsomba mosavuta. Iyi ndi nthawi yomwenso madambo athu amadzaza ndi nazale za fodya ndi madimba a tomato, ndipo onse amakanganirana madzi omwewo. Munthu mmodzi akatsukira mpope wopoperera mankhwala m'ngalande yolowera kudziwe, khama la miyezi isanu limatha tsiku limodzi. M'dzinja vuto limatembenuka: madzi othamanga kuchokera m'minda amabweretsa dothi lofiira lomwe limatchinga kuwala, tizomera tija timafa, ndipo khoma lofooka limagumuka. Ngalande yopatutsa madzi a mvula, kapinga wobzalidwa pakhoma, ndi kasefa ka waya pakamwa pa paipi yolowetsa madzi ndi zinthu zazing'ono zimene zimateteza zonsezi. Kasefako kamaletsanso milamba yakutchire ndi nsomba zina zosafunika kulowa. Udzu wozungulira dziwe ukamatchetchedwa, ng'azi, njoka ndi akatumbu amasowa pobisala.

Pali ntchito zina ziwiri zimene zimaiwalika kawirikawiri. Yoyamba ndi kupatulira. Makumba ndi chilunguni zimaswana m'dziwe momwemo, ndipo nsomba 600 zija pakapita miyezi zimakhala zikwi zingapo zolimbirana chakudya ndi mpweya. Mlimi akapanda kumachotsako tiana, amadzakolola tinsomba tonga zala. Yachiwiri ndi kuumitsa dziwe ukatha kukolola, mpaka matope a pansi atang'ambika ndi dzuwa, kuchotsako matope ochuluka ndi kuwaza laimu. Apa mlimi amaposa mwini makorali, chifukwa madzi akale amene wa ku Durban amataya, wa ku Namitete amathirira mpiru ndi repu, ndipo matope aja ndi manyowa a m'dimba. Masamba otsala a m'dimbamo amabwereranso kudziwe kukadyetsa chilunguni. Kalumikizidwe kotere ka dziwe ndi dimba ndi kamene akatswiri a bungwe la ICLARM, lomwe tsopano limatchedwa WorldFish, ankalimbikitsa pogwira ntchito ndi alimi ozungulira Domasi m'zaka za m'ma 1990.

Phunziro la chaka cha 2020

Amene angaganize kuti zonsezi ndi nkhambakamwa akumbukire zimene zinachitika kufupi ndi kwathu konkuno. Mu Julayi 2020 boma linatsimikiza kuti m'boma la Mchinji mwabuka matenda a zilonda za nsomba, omwe akatswiri amawatchula mwachidule kuti EUS, ndipo aka kanali koyamba kuti matendawa apezeke m'dziko muno. Nsomba za m'mitsinje ndi za m'maiwe zinkapezeka ndi zilonda zofiira zonyeka, ndipo boma linaletsa kwa kanthawi kupha ndi kugulitsa nsomba m'madera okhudzidwa. Matendawa anayenda ndi mtsinje wa Bua, umene mtsinje wa Namitete umathiramo madzi ake, kotero kuti kwa ife a kumadzulo kwa Lilongwe sinali nkhani ya pawailesi chabe. Amayamba ndi kachilombo konga nkhungu kokhala m'madzi, ndipo amakula mphamvu m'nyengo yozizira komanso m'madzi a asidi wochuluka, makamaka pa nsomba zimene khungu lake lavulala kapena zafooka kale.

Malangizo amene akatswiri amapereka pa matendawa ndi ofanana ndi zimene mwini makorali amachita mlungu uliwonse: osalowetsa madzi osadziwika bwino, osasakaniza nsomba zatsopano ndi zakale usanaziyang'anire, osabwerekana maukonde asanaumitsidwe padzuwa, kuchotsa nsomba zakufa msanga n'kuzikwirira, ndi kuthira laimu pofuna kuchepetsa asidi. Palibe jakisoni wobaya nsomba 600 imodziimodzi. Chitetezo chonse chagona pa ukhondo wa madzi ndi diso la mlimi.

Zimene ena anganene

Wina anganene kuti ndi chipongwe kuyerekeza choseweretsa cha munthu wolemera ndi dziwe la mlimi wosauka. Ndikuvomereza kuti matumba awo ndi osiyana kutalitali. Koma amoniya sadziwa wolemera kapena wosauka, ndipo mwa ntchito zonse zimene ndatchulazi, zofuna ndalama ndi laimu ndi kasefa ka waya basi. Zotsalazo zimafuna maso, mkono, khasu ndi chikwakwa. Kunena zoona, amene akataya nsomba zake amamva kuwawa kwambiri ndi mlimi, chifukwa wolemera uja amangopita kukagula zina, pomwe mlimi wataya ndiwo ndi fizi ya mwana. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. M'dera ngati lathu, lomwe usipa ndi bonya zimachita kuchokera kutali kunyanja, dziwe lakufa ndi mbale ya mwana yopanda ndiwo.

Wina anganene kuti mlimi alibe nthawi, makamaka m'dzinja pamene fodya, chimanga, soya ndi mtedza zonse zikumuitana. Izi ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake dziwe liyenera kukumbidwa pafupi ndi dimba limene banja limapitako kale tsiku ndi tsiku. Kuyendera dziwe m'mamawa ndi kudyetsa masana sikutha ola limodzi. Munthu amene sangapeze nthawi imeneyi ndi bwino kumuuza chilungamo asanakumbe, kusiyana ndi kumulembetsa kuti chiwerengero cha opindula chikwane. Walira mvula walira matope, ndipo wolira dziwe adziwe kuti walira ntchito ya tsiku lililonse, ngakhale la Mulungu.

Enanso amati vuto lenileni ndi kusowa kwa mbewu yabwino ndi chakudya chamakono choyandama, chomwe kwa zaka zambiri chakhala chikuchokera ku Zambia pa mtengo wokwera. Sindikutsutsa. Mbewu yabwino ndi chakudya chabwino zimachulukitsa zokolola. Koma chakudya champhamvu chimatulutsanso zonyansa zambiri, kotero kuti pamene mlimi akudyetsa bwino ndi pamenenso madzi akufuna chisamaliro chachikulu. Kupereka chakudya chodula kwa munthu amene sanaphunzire kuwerenga madzi ake ndi kufulumizitsa imfa ya nsomba zakezo.

Zoyenera kuchita

Poyamba, mabungwe ndi nthambi za boma asinthe kawerengedwe ka chipambano. Kuwerenga maiwe okumbidwa ndi tiana ta nsomba togawidwa n'kosavuta, ndipo kumakoma m'malipoti. Chiwerengero chopindulitsa ndi cha maiwe amene akukololabe patatha zaka ziwiri kapena zitatu mwambo wotsegulira utachitika. Gawo la ndalama za ntchito iliyonse lizipatulidwa kuti mlangizi athe kubwerera kudziwe mu Juni, mu Okutobala ndi mu Januwale, miyezi imene kuzizira, kuphwa ndi kusefukira kwa madzi zimayesa mlimi.

Kachiwiri, maiwe a magulu akhale ndi mwini ntchito wodziwika tsiku lililonse. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pokumba gulu limathandizadi. Koma pa ntchito ya m'mamawa, aliyense amayesa kuti mnzake wapitako. Pakhale ndandanda ya maina ndi kope lolembamo tsiku, maonekedwe a madzi, chakudya chimene chaperekedwa ndi nsomba zimene zafa. Ngati akuluakulu ena savutika kulemba okha ndi bwino, koma ngati zikuvuta, ana a sukulu a m'mudzimo angathe kuigwira ntchitoyi, ndipo potero aphunzira sayansi imene m'kalasi amangoiloweza.

Kachitatu, nzeru zimene zili m'masukulu athu zitsike kudambo. Sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ili ndi nthambi ya ulimi wa nsomba ku Bunda, m'boma lomwe lino la Lilongwe. Ophunzira ake akamapita kokaphunzira ntchito, ena azitumizidwa kwa alimi a ku Nsaru ndi ku Nambuma ndi kachipangizo koyezera kutentha ndi timapepala toyezera asidi. Uphungu wake uperekedwe m'Chichewa chimene mlimi amalankhula. Mawu akuti nsomba zikubanika, madzi awawasa kapena dziwe lili ndi njala amamveka msanga kuposa maina a Chingerezi olembedwa pa bolodi tsiku limodzi la maphunziro.

Mawu omaliza

Mwini kathanki ka makorali amadziwa kuti kugula nsomba ndi ntchito ya tsiku limodzi, pomwe kusamala madzi ndi ntchito ya masiku onse. Ife takhala zaka zoposa 70 tikuphunzitsa anthu kukumba ndi kuthira mbewu, koma tapereka nthawi yochepa pa zimene zimachitika mawa lake alendo atapita. Madambo a kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe ali ndi madzi, dothi logwira madzi, gaga ndi manyowa. Chimene ndikupempha ndi chakuti tisanakumbe dziwe lina latsopano, tiyambe tabwerera ku maiwe amene alipo kale, tichotse mlulu, tikonze makoma, ndipo tigwirizane za munthu amene adzadzuke mbandakucha kukaona ngati nsomba zikupuma.